Mwana Wolira Dzina

Dalitso ndi Thandiwe, mwakhala mukundidandaula pa foni kuti sindikhazikika. Mukuti munthu wopuma pa ntchito azikhala pakhonde n'kumaweta nkhuku zake, osati mayi wa imvi kumapalasa njinga dzuwa la m'chigwa lili paliwombo. Iwe Thandiwe unafika pondiopseza kuti udzabwera kudzaigulitsa njingayo. Yesa, mwana wanga, uone. Za ubwana wanga ku Katete sindilemba. Mukuzidziwa, ndipo mulibe chodabwitsa. Ndilemba za ntchito, makamaka nkhani imodzi imene sindinakufotokozereni bwino, chifukwa inu munali ana ndipo ine masiku amenewo ndinkangokhala wokwiya. Mukawerenga mudziwa kumene njingayo imapita.

Chaka changa choyamba m'chigwa

Nditamaliza maphunziro a za mano ku Lusaka, ananditumiza kuno ku Mambwe. Anzanga a m'kalasi anandiseka kuti ndikukazula mano a njovu. Ndinaseka nawo, koma lole itayamba kutsika mapiri, mphepo n'kusanduka ngati ya mu uvuni, kuseka kunatha. Pachipatala anandipatsa kachipinda koyandikana ndi kosungira mankhwala. Mpando wa mano unalipo, koma sunkagona chagada; wodwala ankatsamira khoma, ine n'kumawerama mpaka msana kuwawa. Mankhwala ochititsa dzanzi ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo akatha ndinkangowauza anthu zoona: amene angapirire akhale, amene sangathe adikire mwezi wamawa. Zozulira mano ndinkaziphika mu poto pa mbaula. Anthu a kuno amalankhula Chikunda, Chinyanja chili chachiwiri, choncho miyezi yoyamba ndinkamva theka la zimene odwala ankandiuza, theka linalo ndinkalipeza ndikawatsegula pakamwa.

Antchito tinali ochepa, ndiye panalibe zoti uyu ndi wa mano basi. Tsiku la sikelo ndinkapita nawo m'midzi kukayeza makanda. Ku Kakumbi sikelo tinkaipachika pa mtengo wa mvunguti, maso ali m'mwamba kuopa kuti chipatso chingatiphwanye mutu. Kumeneko ndinaona mtsikana wina ataima patali ndi mzere, khanda atalikutira chitenje mpaka kumutu, kukutentha choncho. Khandalo linkalira ndi mawu osasa, kulira kwa mwana amene walira kale kwambiri. Ndinamuitana mtsikanayo. Dzina lake anali Felesiya, ndipo uyu anali mwana wake woyamba. Nditavundukula chitenje ndinapeza mlomo wam'mwamba wong'ambika mpaka kumphuno, mbali ya kumanzere, ndipo kumwamba kwa m'kamwa kunalinso mpata. Mwana wotere bere saligwira bwino. Akayamwa, mkaka umatulukira m'mphuno. Anali ataonda, khungu lili makwinyamakwinya. Ndinakhala pansi ndi Felesiya n'kumuonetsa kufinyira mkaka wake m'kapu, kumukhazika mwana tsonga, kumupatsa ndi kasipuni pang'onopang'ono. Pa khadi la sikelo ndinalemba dzina limene anandiuza: Misozi.

Mwezi wotsatira ndinaitana Misozi, palibe anayankha. Nditaitananso, Felesiya anabwera kuchokera kumbuyo kwa mzere, ulendo uno mwana ali poyera.

"Sisita, tsopano ndi Malita," anatero.

"Malita wachokera kuti?"

"Amalira dzina. Akuluakulu anati la Misozi lamukana, ndiye tinamutcha Malita, dzina la amayi anga aakulu amene anamwalira."

Mwambo umenewu kwathu ndinkangoumva patali, koma kuno ndi wamoyo. Khanda likamalira osatonthola amati pali wina mwa omwe anatisiya amene akufuna kutchulidwa, ndiye amachotsa dzina loyamba n'kuika lina, ndipo loyambalo salitchulanso. Inu mukuudziwa mtima wanga wapachala. Ndinamuuza pamaso pa amayi onse aja kuti mwana ankalira njala, osati dzina.

"Chimutchulireni Malita akugona bwino," anatero Felesiya, osakweza mawu.

"Akugona chifukwa cha kasipuni kaja."

"Kaya, Sisita. Zonse ziwiri tinachita sabata imodzi."

Amayi aja anaseka, ndipo sikelo inaonetsadi kuti mwana wakwera. Ndinatenga khadi lija, pansi pa Misozi ndinalemba Malita, n'kumubwezera.

Zaka za kumtunda

Nditakwatiwa, atate anu anawatumiza kukaphunzitsa ku Chipata, ine n'kupempha kuwatsatira. Kumeneko munabadwira nonse awiri. Chipatala chinali ndi magetsi, mpando unkagona, ndipo ndinanenepa. Ndili komweko ndinamva kwa namwino wina wochokera m'chigwa kuti mwana wa Felesiya anamusoka mlomo, kenako anadzamutsekanso mpata wa m'kamwa. Ndinasangalala, n'kuiwala. Atate anu atamwalira, nyumba ya aphunzitsi anaifuna, ndipo msewu uliwonse wa tauni ija unkangondikumbutsa iwo. Nditamva kuti ku Mambwe kulibenso wa mano, ndinapempha ndekha kubwerera. Abale anati ndapenga, kupita kumene ena akuthawa. Ndinakunyamulani n'kutsika nanu.

Masika a chaka chimene ndinabwerera

Mkulu wa chipatala anali Bambo Mulenga, ochokera kumpoto. Ndineneretu, chifukwa m'munsimu mundimva ndikukangana nawo: anali munthu wabwino pa ntchito, wodziwa kupempha. Akafuna chinthu ku Lusaka ankaimba foni m'mawa, masana, madzulo, mpaka a kumeneko atatopa n'kuwapatsa. Chinyanja chawo chinali chokhota, ndipo mkazi aliyense ankamuitana kuti bamayo. Sabata yoyamba anandipatsa kaundula. Zaka zimene ine kunalibe, madokotala ena a ku Lusaka anapempha kuti boma lililonse lilembe ana onse obadwa ndi mlomo wong'ambika: dzina, mudzi, chaka chobadwa, ndi zimene anachitidwa kale. Mayinawo ankalowa kuchokera kulikonse. Ena anawakopera m'mabuku akale a sikelo, ena anatumizidwa ndi amene anachita maopaleshoni, ena analembedwa ndi oyendera masukulu. Zonse zinkakathera mu kompyuta ku Lusaka, ife tinkangolandira mapepala osindikiza.

"Bamayo, chaka chino tili ndi mwayi," anatero Bambo Mulenga. "Aona kuti chigwa chili ndi ana ambiri. Mvula isanayambe abwera konkuno ndi magalimoto awo, osoka makanda pamodzi ndi dokotala wowongola mano. Ntchito yanu ndi kusonkhanitsa amene aitanidwa."

Za mano ndikufotokozereni pang'ono, kuti mumve chimene chinandisowetsa mtendere. Mwana wotere, ngakhale atamusoka mlomo n'kumutseka m'kamwa, pa nkhama pamatsala mpata wopanda fupa. Akamafika zaka naini kapena teni, dzino lalikulu losongoka lija limakonzeka kutulukira pamenepo. Lisanatuluke amayenera kuikapo kafupa, kenako mawaya owongola mano. Mukachedwa, dzinolo limatulukira popanda chogwira, limapotoka kapena kutayika, ndipo kamwa lonse limakhota nalo. Kafupako nthawi imeneyo ankakaikira ku Lusaka, kamodzi pa chaka, nyengo yozizira. Wa mawaya ankadzatsatira pambuyo. Ana oti apite kumeneko ankawasankha ndi kompyuta ija, poyang'ana zaka zawo ndi zimene anachitidwa kale.

Ndinawerengera m'mutu kuti mwana wa Felesiya wakwana zaka naini. Pa mayina a oitanidwa panalibe. M'kaundula wamkulu ndinapeza Misozi wa ku Kakumbi, pambali atalemba kuti sapezeka. Patsogolo ndinapeza Malita wa ku Kakumbi, wopanda chaka chobadwa, atalemba kuti zonse zinatha. Loweruka lomwelo ndinakwera njinga.

Felesiya ndinamupeza ku munda, pa nsanja yolondera njovu, poti mapira anali atacha. Anali atakula, ana ena ali m'munsi mwa nsanja, koma anandizindikira ndisanatsike njinga.

"Sisita wa kasipuni, mwaswera bwanji? Tinamva kuti mwabwerera."

"Ndaswera. Malita ali kuti?"

"Ali kwa malume wake Yotamu, ku Nkwali. Koma mukakafunsa Malita palibe akakuuzeni. Kumeneko ndi Judisi."

Ndinangogwira m'chiuno. Felesiya anafotokoza kuti kusukulu ya kwawo ana anzake ankamuseka mwanayo, mpaka anakaniratu kupitako, n'kukhala pakhomo zaka. Ndiye mlongo wake Yotamu, amene ndi mlonda pa loji ina yogona alendo odzaona nyama, m'mbali mwa mtsinje, anati poti mwana ndi wa malume amutenga. Anakamuyambitsa giredi wani kumene palibe womudziwa, ndi dzina la ubatizo komanso la malumeyo. Ndipo poti anali wochepa thupi, anawauza ahedi kuti ali ndi zaka sikisi, kuopa kuti angamukane.

Ku Nkwali ndinafika dzuwa litapendeka. Yotamu anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula; anandipatsa mpando n'kuitana mwana. Judisi anabwera dzanja lili pakamwa. Mlomo anausoka bwino, chipsera chinali chaching'ono, koma iye ankaubisabe. Ndinati, "Tsegula, mama. Ine ndinakuona usanakhale ndi dzino ngakhale limodzi." Ndinasamba m'manja n'kupisa chala pa nkhama. Pamwamba pa mpata paja panali kotupa kolimba, ngati njere ya chimanga pansi pa khungu. Dzino linali m'njira. Lolemba ndinamupeza Judisi m'kaundula: zaka sikisi, sanachitidwepo kalikonse. Mwana mmodzi analembedwa katatu, ndipo katatu konseko sanaitanidwe: woyamba anasowa, wachiwiri anamaliza, wachitatu ndi wamng'ono. Maso atatseguka choncho ndinayamba kuona enanso, mayina awiri m'mudzi umodzi, mbali ya mlomo imodzimodzi, amake mmodzi. Ana otere onse amalira ali makanda, ndiye ambiri a iwo anasinthidwa mayina. Kaundula wathu anali wotupa.

Ndinalowa mu ofesi ya Bambo Mulenga osagogoda. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anadzuka n'kutseka chitseko.

"Ndinkaganiza kuti alipo obwereza," anatero. "Sindinafune kufufuza."

"Ndiye tikonze."

"Bamayo, khalani pansi. Anthu aja akubwera kuno chifukwa cha kuchuluka kwa mayina. Maboma ena akuwafunanso. Mukawauza kuti ana atatu ndi mwana mmodzi, afunsa kuti otsalawo ndi angati. Ulendo auimitsa."

"Ndiye tisinthe zaka za Judisi zokha."

"Zaka sasintha popanda khadi la sikelo. Khadi lake lili ndi dzina lanji?"

Khadilo ndinkalidziwa. Linali ndi Misozi ndi Malita, onse olembedwa ndi dzanja langa.

"Dikirani abwere," anatero. "Mudzamuonetse dokotala pamaso. Akapita, mukonze kaundula mmene mufunira."

"Akadzabwera nyengo ya kafupa idzakhala itapita. Dzino lija silidikira chaka chamawa. Ndalikhudza ndi chala changa ichi."

Anatsegula zenera n'kuloza pa benchi la panja. Panali mayi wina wa konkuno ku Mambwe, amene tonse tinkamuitana Amake Gifti. Ankabwera sabata iliyonse osadwala, kudzangofunsa ngati tsiku la madokotala ladziwika. Mwana wake anali wa miyezi yochepa, mlomo ndi m'kamwa zonse zili zotseguka.

"Uyo si dzina lobwereza, bamayo. Alipo. Alipo ndi ena onga iye. Inu mukufuna kuwachotsera madokotala pakhomo chifukwa cha dzino limodzi?"

"Si dzino, ndi nkhope ya mwana wamkazi."

"Uyo ndi mawu a mwana wamwamuna. M'kamwa mukachedwa kutseka, chimachitika n'chiyani? Mukudziwa inu kuposa ine."

Ndinkadziwadi. Mwana akayamba kulankhula m'kamwa muli mpata, mawu amazolowera kutulukira m'mphuno, ndipo kuwabweza n'kovuta. Ndinatuluka mu ofesimo chitseko ndikuchimenyetsa, osati chifukwa iwo analakwa, koma chifukwa sanalakwe.

Masiku otsatira ndinali ngati nkhuku yofuna poikira. Ndikakhala pansi ndimadzuka, ndikaima ndimayenda. Iwe Dalitso ukukumbuka tsiku limene ndinakukalipira mpaka aneba kutuluka, chifukwa cha kapu yosweka? Sinali kapu. Ndinkadziuza zifukwa zambiri zanzeru: kuti madokotala akabwera ndi zipangizo za ana amene kulibe, n'kuitana mayina atatu kubwera mwana mmodzi, sadzatikhulupiriranso, kuti Judisi sanali yekha amene kompyuta inamudumpha, kuti kaundula wonama amadzaluma mwini wake tsiku lina. Zonsezo zinali zoona. Koma chimene chinkandivuta kwenikweni chinali kotupa kaja, ndinkakamvabe pa chala ngakhale ndikutsuka mbale. Kenako ndikadutsa pa benchi, Amake Gifti ankandipatsa moni akumwetulira, ine n'kuyankha ndikufulumira kudutsa. Akuluakulu anati pawiripawiri sipauzirika, ndipo ine ndinali nditagwada pakati pa moto uwiri.

Ndinatumiza mawu kwa Felesiya kuti ndikufuna khadi lija. Lachisanu anabwera wapansi kuchokera ku Kakumbi, munda atausiya kwa mwamuna wake. Anatulutsa khadi la sikelo m'pepala la pulasitiki la shuga, m'mbali chiswe chitadyako, koma mayina awiri aja ndi chaka chobadwa zikuwerengeka. Yotamu anabwera naye. Analankhula kamodzi kokha: "Lole ya ku loji imapita ku Lusaka kukatenga katundu. Mukandiuza tsiku, ndimunyamula." Ine sindinawauze za Gifti. Sinali nkhani yawo.

Ndinabwereranso kwa Bambo Mulenga, ulendo uno ndinagogoda. Ndinawauza kuti ndikutumiza khadi, ndikufotokoza zonse, ndi za obwereza ena omwe.

"Sindikuletsani," anatero. "Kaundula ndi wanu. Koma Amake Gifti mukawauze ndinu."

Nyengo yozizira ya chaka chomwecho

Yankho silinachedwe. Judisi anamuitana ku Lusaka. Kaundula wa chigwa anamuimitsa mpaka titalembanso mwana aliyense, khomo ndi khomo, ndipo madokotala chaka chimenecho anapita ku boma lina. Zonse zinachitika ndendende mmene Bambo Mulenga ananenera, ndipo iwo sanandikumbutse ngakhale tsiku limodzi. Ndikanakonda akanandilalatira.

Amake Gifti sindinadikire kuti abwere pa benchi. Ndinapita kwawo. Ndinawapeza akusenda nthochi zophika, mwana ali kumsana. Ndinawafotokozera zonse, osabisa kuti amene anatumiza khadi ndine. Anamvetsera mpeni uli m'manja.

"Ndiye wanga analakwa chiyani m'kaundula wanumo?"

"Palibe. Wanu analembedwa bwino, kamodzi."

"Ndiye wolembedwa bwino ndiye adikire."

Sanakweze mawu, sanalire. Anapitiriza kusenda. Ndinawauza kuti tiyese kumutumiza Gifti ku Lusaka nayenso, ndipo ndinayesadi. Koma atate ake anakana kuti khanda lipite kutali kumene alibe mbale, ndipo iwo analibe malume wokhala ndi lole. Tikunyengererana choncho mvula inayamba, matope a makande n'kutseka misewu.

Judisi anabwerako tsaya litatupa, kafupa kataikidwa. Dokotala anatumiza mawu kuti akanachedwa pang'ono, dzino likanatuluka. Yotamu anandibweretsera nsomba zouma, ine ndinalandira, koma chimwemwe changa chinali chopunduka.

Zaka ziwiri za kulembanso

Kulemba kunatenga zilimwe ziwiri, chifukwa dzinja kuno njinga umainyamula iwe. Panalibe galimoto, panalibe wondithandiza, mano a anthu nawo sankaleka kuwawa. Ndinkazula mano mkati mwa sabata, Loweruka n'kulowa m'midzi, nthawi zina kuima m'tchire kudikira njovu kuti zichoke pa njira. Ndinaphunzira kufunsa mwa njira ina. Sindinkafunsa kuti dzina lake ndani basi. Ndinkafunsa kuti anabadwa nalo liti, anasintha liti, kwa malume amamutcha ndani, kusukulu amamutcha ndani. Onse ndinkawalemba pa mzere umodzi, pamodzi ndi dzina la amake ndi la malume. Kumidzi ina Felesiya ankandiperekeza, ndipo iye ndi amene anatulutsa ana amene ine sindikanawaona. Ankangokhala pa mphasa n'kunena m'Chikunda kuti wake analinso choncho, tsopano ali kusukulu. Pakapita nthawi mayi wina ankalowa m'nyumba n'kutuluka ndi mwana amene sanafikepo ku sikelo. Kaundula uja anali wotupa mbali ina, mbali ina ali wowonda.

Madokotala anabwera chilimwe chachitatu. Gifti analowa m'chipatala akuyenda yekha, akulankhula kale. Anamusoka mlomo, anamutseka m'kamwa, ntchito yooneka bwino. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza zimene ndinkadziwa, kuti mawu apeza kale njira yawo. Bambo Mulenga anawasamutsa chaka chotsatira. Potsazikana anandigwira dzanja nati, "Tsopano a ku Lusaka akaona dzina lochokera kuno samafunsanso kawiri." Anaima pang'ono, ngati pali china, koma anangokwera galimoto. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuyamika.

Tsopano

Mukandifunsa ngati ndingachitenso chimodzimodzi, ndikuuzani kuti inde, ndingatumizenso khadi lija. Koma musaganize kuti kunena choncho kumandikhazika pansi. Kaundula ali ndi ena tsopano, atsikana a mafoni m'manja, ndipo ndimawatopetsa. Ndikamva kuti m'mudzi wakuti muli khanda losatonthola, ndimapita kukaona m'kamwa mwake akuluakulu asanakhale pansi kusankha dzina. Akasankha sindikangana nawonso. Ndimangofunsa mayina onse awiri n'kukawapereka kuchipatala.

Judisi amalandira alendo pa loji ku Nkwali. Amaseka kamwa lonse lili poyera, mano ali ndondondo, ndipo akandiona amafuula kuti Sisita wa kasipuni ngati amake. Amake Gifti timakumana pa msika. Amati mwaswera bwanji, ndimati ndaswera, basi. Sanawonjezepo mawu ena chichokereni tsiku la nthochi lija, ndipo ine sindiwapempha.

Gifti ndi mwamuna wamkulu tsopano. Amakonza njinga pansi pa mtengo, pafupi ndi maofesi a boma. Manja ake ndi aluso, koma salankhula kawirikawiri, chifukwa akalankhula anthu amati "wati chiyani?" ndipo ena amaseka. Sukulu anaisiyira panjira. Kumeneko ndi kumene njinga yanga imapita kawirikawiri, Thandiwe. Sabata yatha ndinapitanso nayo. Anaizondotsa, anazungulitsa gudumu, anagwira mabuleki, anayang'ana tcheni, kenako anandiyang'ana ine.

"Amama, njinga iyi ilibe vuto. Sabata yatha inalibenso. Mumaibweretseranji?"

"Ndimafuna ndikumve ukulankhula."

Anapukuta manja pa kansanza, nthawi yaitali ndithu.

"Amayi anandiuza za khadi lija," anatero. "Kalekale."

Ndinagwira chishalo cha njinga. Ndinadikira kuti apitirize, ndili wokonzeka kulandira chilichonse.

"Ndikalankhula, anthu onse amati ndibwereze," anatero. "Inu simunateropo."

Anatenga pampu n'kupopa tayala limene linali lodzaza kale, anaiimika njingayo, n'kundiuza kuti ndidzabwere nayo Lachiwiri.